Madzi a Lolemba M'mawa

Achemwali anga okondedwa,

Ndikhulupirira kuti kalatayi ikupezani muli bwino, inu ndi alamu. Mwendo wawo uja uli bwanji? Mankhwala opaka aja musamawasiye pawindo, dzuwa limawatha mphamvu. Nanga inuyo maso? Ndamva kuti mukusokabe mpaka bowo la singano kumalifufuza ndi chala. Magalasi aja mukasinthitse, musadikire kuti mutu uyambe kuwawa. Kuno m'thupi tili bwino. Mlamu wanu chimfine chinamusiya, ana akupita kusukulu. Ndikanakonda kalatayi ikanathera pomwepa.

Mwina mukudabwa kuti ndikulemberanji kalata pamene foni ilipo. Sabata ino ndakuimbirani katatu. Koyamba tinakamba za mvula, kachiwiri za mwendo wa alamu, kachitatu munandifunsa ngati ndikudwala chifukwa ndimangopumira m'foni ngati munthu wokwera chitunda. Pakamwa pakukana. Dzanja lokha ndi limene silinandikanepo. Kalatayi ndimupatsa dalaivala wa lole woyandikana nafe uja, akuti adutsa kwanuko Lolemba. Mukailandira muwerenge pomwepo, musaiike pansi pa makina osokera kuti mudzaiona mukaweruka. Nthawi imene tili nayo ikutha Lachisanu, 12 koloko masana.

Nkhani ndi ya mwana wanu, Namafunso wathu. Ali moyo, sakudwala, alibe pathupi. Ndayamba ndi zimenezi chifukwa ndikudziwa kumene mtima wanu wathamangira. Koma pakhomo pano anachokapo masiku asanu ndi anayi apitawa, akukhala kwa mnzake pafupi ndi koleji, ndipo akufuna kusiya sukulu kutangotsala pepala limodzi kuti amalize. Wamuchititsa ndine.

Ndiloleni ndiyambire kutali, chifukwa ndikadumpha china mudzandiyesa munthu wabwino kuposa mmene ndilili.

Mukukumbukira tsiku limene munabwera naye, zaka zinayi zapitazo, ali ndi sutikesi yomanga ndi chingwe. Munandiuza pakhomo kuti m'banja mwathu amene anaona mkati mwa koleji ndine ndekha, choncho ndimuyang'anire. Ndinavomera mokweza mapewa. Atandiuza kuti wasankha za chilengedwe ndinasangalala, ndimaganiza kuti alowa sayansi ngati ine. Koma ayi, anasankha maphunziro osakaniza aja: lero mbiri yakale, mawa za nthaka ndi madzi, mkuja malamulo, tsiku lina kalembedwe, kwinaku akukangana m'kalasi za chabwino ndi choipa ngati ali pabwalo la milandu.

Ndinamuuza kuti kumeneko n'kulawa mphika uliwonse kenako n'kugona ndi njala. Iye anandiyankha kuti ife asayansi timadziwa kuyeza, koma sitifunsa kuti watituma kuyezako ndani. Tinaseka tonse, mlamu wanu mpaka kutsamwa. Zaka zinayi zonsezi takhala tikunyogodolana choncho patebulo, ine kumutcha profesa wa chilichonse, iye kundinena kuti ndikhoza kulemba m'buku ngakhale nthawi imene ndayetsemula.

Ntchito yanga simunaifunsepo bwinobwino, ndipo sindikukudandaulani. Mumangodziwa kuti ndili ku fakitale yofufuta zikopa ndipo ndimavala jasi loyera. Ili chonchi. Zikopa zimatsukidwa ndi mankhwala m'migolo ikuluikulu yozungulira. Madzi ake amadutsa m'madamu atatu kuti zoipa zikhale pansi, kenako amatuluka papaipi kuseri kwa mpanda n'kugwera mumtsinje. Lamulo limati sabata iliyonse madzi a papaipipo ayezedwe. Woyeza ndine. Ndimatunga mabotolo awiri, lina ndimayeza ndekha, lina limapita ku labu ya kunja. Kenako ndimalemba m'buku tsiku, nthawi, mmene kunja kwachera, zimene ndapeza, n'kusaina.

Amene anandiphunzitsa ntchitoyi ndi mdala wina amene tinkamutcha Chipewa, anapuma kalekale. Tsiku langa loyamba ananditengera kupaipiko Lolemba m'mawa belu lisanalire. Anati galimoto ya ku labu ya kunja imabwera Lolemba 8 koloko, ndipo madzi oyeza safunika kugonera. Chifukwa chake chinali chomveka. Kuyambira pamenepo, zaka khumi ndi chimodzi, ndakhala ndikutunga madzi Lolemba, 7:10 m'mawa. Sindinaphonyepo. Ngakhale sabata imene tinaika mayi m'manda, mukukumbukira kuti ndinanyamuka Lamulungu anthu akadali pamaliro, inu n'kundikwiyira. Ndinkathamangira botolo.

Chimene simukudziwa n'chakuti migolo ija amaikhuthula Lachitatu ndi Lachinayi masana. Loweruka ndi Lamulungu fakitale imakhala yotseka. Madzi a Lolemba m'mawa ndi madzi opuma, amangodontha pang'onopang'ono, oyera ngati a pampopi.

Mundifunsa ngati ndinkadziwa. Funso limeneli ndalitembenuza mbali zonse. Ndinkadziwa monga munthu amadziwira kuti dzino lina labowoka, n'kumatafunira mbali inayo. Palibe anandiuzapo kuti ndibise kanthu. Palibe nambala imene ndinasinthapo, ngakhale imodzi. Ndinkangoonetsetsa kuti Lachinayi masana ndili ndi zochita mkati.

Chaka chino, chomwe ndi chomaliza, wophunzira aliyense amalemba pepala lalikulu la kafukufuku wake. Popanda pepala limenelo palibe digiri. Namafunso anasankha kulemba za mtsinje umenewu ndi anthu okhala kumunsi kwake, olima ndiwo zamasamba, ochapa zovala, oumba njerwa. Miyezi itatu ankapita kukakhala nawo, kumawathandiza kunyamula zitini, kumalemba zimene akunena. Ankabwera nsapato zili matope okhaokha, mlamu wanu n'kumamuthamangitsira kumpopi asanaponde m'nyumba.

Tsiku lina anabwera akuseka, akuti wapeza mayi wina wolima tomato amene ali ndi kalendala yakeyake. Mayiyo amathirira Lamulungu, Lolemba ndi Lachiwiri basi. Akuti madzi a Lachinayi ndi Lachisanu amawotcha masamba ndipo amang'amba m'manja, moti masiku amenewo amangokhala n'kumayang'ana mbewu zikufota. Anamuonetsa ndi zikhato zake. Onse patebulo anachita chidwi ndi nzeru za mayiyo. Ine ndinadzuka kukamwa madzi, ludzu ndilibe.

Kenako anandipempha kuti ndimuphunzitse katungidwe koyenera ka madzi oyeza. Achemwali, ndinanyada. Zaka zinayi akundiseka, lero wabwera yekha kwa malume ake. Loweruka lonse tinali patebulo la kukhitchini. Ndinamuonetsa kutsukuluza botolo katatu ndi madzi omwewo, kulemba chizindikiro botolo lisananyowe, kudzaza mpaka m'khosi, kuika m'bokosi la ayezi nthawi yomweyo. Ndinamubwerezera mpaka kutopa kuti botolo lopanda nthawi ndi madzi wamba, akhoza kuthirira maluwa.

Ndipo kunyada komweko kunandinyamulitsa mabuku. Mabuku asanu ndi limodzi a zaka zonsezi ndinawatulutsa ndekha m'kabati ya ku ntchito, awiriawiri, m'chikwama changa chomwe. Iye sanawapemphe n'komwe. Ndinkafuna aone mmene munthu wophunzira amasungira buku, mizere yowongoka, popanda chofufuta, popanda sabata yodumpha. Ndinkafuna anene kuti malume ndinu akatswiri.

Ine ndikatsegula buku lotere maso amathamangira pa zotsatira. Wasayansi aliyense amatero, ngakhale oyendera a boma amene amabwera kawiri pachaka amatero, amasaina n'kumapita. Koma mwana wanu anaphunzitsidwa zina. Akuti mphunzitsi wawo wa mbiri yakale ankawauza kuti ukapatsidwa chikalata, usanakhulupirire zimene chikunena, uyambe wafunsa kuti analemba ndani, analemba liti, ndipo ndani sanalipo polembapo. Iye anawerenga mzere wa nthawi, umene palibe anauwerengapo chiyambire.

Linali Lamulungu masana, ndili pakhonde ndikupolisha nsapato za mawa lake. Anabwera ndi buku limodzi, nakhala pansi pafupi nane, chala chili pakati pa masamba. Sanali kuseka.

"Malume, fakitale yanu imagwira ntchito Lolemba lokha?"

Ndinaika burashi pansi. Anandionetsa zotsatira zake. Anali atatunga mabotolo makumi anayi pa masiku osiyanasiyana, monga ndinamuphunzitsira, n'kukayezetsa ku labu ya kukoleji. A Lolemba ankafanana ndi anga ndendende. A Lachinayi masana anapitirira muyeso wololedwa kasanu ndi kawiri.

Ndinayamba kutsutsa. Ndinanena za galimoto ya 8 koloko, za mdala Chipewa, za oyendera amene sanadandaulepo. Anandimvetsera mpaka ndinatha mawu. Kenako anati dzina langa salilemba, angoti woyeza madzi wa pafakitale. Ndinamuuza kuti pafakitale pamene woyeza madzi ali mmodzi, mawu amenewo ndi dzina kale. Ndinamupempha kuti achotse gawo lonse la mabukuwo. Iye anati akalichotsa, pepala lake lidzakhala likunena kuti mayi wa tomato uja akunama, chifukwa mabuku a fakitale akuti madzi ndi abwino zaka khumi ndi chimodzi. Komabe anati aganiza. Ananenadi choncho, kuti ndimupatse masiku aganize. Sindinamupatse.

Lachiwiri lake abwana anandiitana. Anati amva kuti kuli mtsikana wina amene akuzungulira kuseri kwa mpanda ndi mabotolo, ndipo alonda akuti anamuonapo akuyenda nane. Anandifunsa ngati ndikumudziwa. Achemwali, ndinamukana mwana wanu. Ndinati ana a sukulu amadutsa ambiri, sindingawadziwe onse. Abwana anati buku la kampani likangotuluka pageti, amene walitulutsayo alitsatire, asabwererenso.

Ndinabwerera ku labu. Ndili ndi zaka makumi anayi ndi zisanu ndi chimodzi. Ntchito imene ndimaidziwa ndi imodzi. Ndinaona ana anga atatu, ndinaona nyumba ya lendi, ndinadziona ndikuyenda ndi envulopu ya mapepala ofesi ndi ofesi, anyamata ongotuluka kumene kukoleji akundipatsa mpando chifukwa cha imvi. Mumandidziwa. Ndine uja ndinkabwerera panjira kukaona ngati ndatseka chitseko chimene ndatseka kale. Mantha akandigwira sindithawa, ndimakhala pansi n'kulemba.

Ndinalembera aphunzitsi ake, amene akumuyang'anira pa kafukufukuyu. Masamba awiri, otayipa bwino, mfundo zake zoikidwa manambala. Ndinati mabotolo atatu anakhala kunja kwa ayezi maola oposa asanu ndi limodzi. N'zoona, basi inawafera panjira, ndipo anandiuza yekha patebulo akudandaula, ine n'kumamulimbitsa mtima. Ndinati botolo limodzi linalibe nthawi. N'zoonanso. Ndinati mabuku a kampani anatuluka popanda chilolezo cholembedwa. N'zoona. Sindinanene kuti anawatulutsa ndani. M'kalata yonseyo munalibe bodza ngakhale limodzi, ndipo sindinalembepo chinthu chonama kuposa chimenecho.

Ndinkadzinamiza kuti angomuuza kuti achotse gawolo, alembe za anthu ake a kumtsinje, apambane, nkhani ithe. Sindinasaine. Ndinaiponya m'bokosi la makalata la kukoleji ndikupita ku ntchito.

Lachinayi madzulo, dzuwa likadalipo, mwana wanu anabwera ndi kope ya kalatayo. Malamulo a kukoleji amati wodandauliridwa aonetsedwe dandaulo. Anaiyala patebulo patsogolo panga, naloza pakona yakumwamba. Pamenepo panali tsiku, ndipo pambali pa tsikulo panali 6:45. Ndinalemba nthawi, achemwali. Kalata yobisa dzina, ine n'kulembapo nthawi imene ndailemba. Dzanja linangochita zimene linazolowera, maso osaona n'komwe.

Sanakuwe, sanalire. Anangoti m'dziko lonse lapansi munthu amene angachite zimenezi ndi mmodzi. Analowa kuchipinda, nalongedza, mabuku anga asanu ndi limodzi anawasanja pampando motsatana zaka zake. Anatsanzika mlamu wanu, anapsompsona kamtsikana kathu kakang'ono, natuluka. Ine ndinali chikhalire.

Mlamu wanu anandiyang'ana kuchokera kumutu mpaka kumapazi. Anati pamene ankakwatiwa ndi mwamuna wosita masokosi ankaganiza kuti vuto lake lathera pomwepo. Anati galu amene amaluma mwana wa pakhomo sasungidwa, koma ine andisunga chifukwa cha ana. Kuyambira tsikulo amandiyankhula zofunika zokhazokha.

Masiku atatu ndinayenda ngati munthu wopanda mlandu. Lolemba ndinatunga madzi anga 7:10 monga mwa masiku onse, n'kusaina m'buku. Masana ndinapempha chilolezo n'kupita kukoleji.

Aphunzitsi akewo ndi mayi wamfupi wa imvi, ofesi yawo ndi kachipinda kodzaza mapu ndi timitengo tomera m'zitini. Nditanena kuti kalata ija ndinalemba ndine, sanadabwe. Anandisiya ndiyankhule chiimire mpaka ndinamaliza, kenako anandilozera mpando. Anati za mabotolo n'zazing'ono, pa makumi anayi kuchotsapo anayi sizisintha kanthu, ndipo mwanayo anali atazilemba kale yekha m'pepala lake ine ndisanamunenere. Chachikulu ndi mabuku. Komiti ya kukoleji ikufuna kudziwa mmene anawapezera, chifukwa ngati anawaba ndi mlandu woti akhoza kuchotsedwa nawo sukulu. Anamufunsa kawiri. Kawiri konse anakana kutchula munthu.

Ndinapempha pepala pomwepo. Ndinalemba kuti mabuku ndinatulutsa ndine, mwakufuna kwanga, iye osandipempha. Ndinasaina dzina langa lonse ndi udindo wanga. Ndinaganiza kuti basi ndakonza.

Mayiwo anawerenga, nati zathandiza, mlandu wa kuba watha. Kenako anatsegula diloo ya tebulo lawo n'kundionetsa fomu. Inali fomu yosiyira sukulu, yodzazidwa ndi dzanja la mwana wanu, yosainidwa kale. Anati aisunga m'diloomo osaipititsa, koma mphamvu yawo ithera Lachisanu la sabata ikubwerayi, 12 koloko masana. Imeneyo ndi nthawi yomaliza yoperekera mapepala. Pepala silingadzipereke lokha, mwini wake ayenera kubwera nalo ndi kusainira. Akapanda kubwera, fomu ipita. Anati pa zaka zambiri zimene aphunzitsa, ana olemba ngati ameneyu angawawerenge ndi zala za dzanja limodzi. Anandiuza zimenezi akundiyang'ana m'maso, ndipo ndikanakonda akanandimenya mbama.

Lachitatu ndinakamudikira mwana wanu pageti la koleji kuyambira 12 koloko mpaka 4. Mlonda anafika pondibweretsera mpando. Namafunso atatuluka n'kundiona, anabwera yekha, nandipatsa moni mwaulemu wonse, manja awiri, ngati akulonjera mlendo wa bambo ake. Bola akanandilambalala.

Ndinamuuza kuti ndavomera zonse kwa aphunzitsi ake. Anati wamva. Ndinamupempha kuti apereke pepalalo mmene lilili. Ndinkayembekezera mkwiyo, ndipo ndinali nditakonzekera kuulandira. Koma anayankha motsitsa mawu, akuyang'ana pansi.

"Malume, pepala limeneli likatuluka ntchito yanu yatha. Ana anu aja ndawasambitsa ine, ndawaperekeza kusukulu ine. Kulemba bodza sindingathe. Kulemba zoona, ndiye kuti ndakuchotsani chakudya pakamwa nonse. Ndiye sindilemba kanthu. Digiri ndidzaiona chaka china, kwina."

Mukumva, achemwali? Si kuti akundilanga. Ine ndinamubaya kumsana kuti nditeteze ntchito yanga, iye akutaya zaka zinayi kuti ateteze ntchito yomweyo. Inu ndi ine tikudziwa kuti chaka china chimenecho sichibwera. Mtsikana akatuluka pageti lija wopanda pepala, moyo umamupezera zochita. Tawaona angati?

Ndinafuna kumugwira mkono koma anabwerera m'mbuyo. Anati ndipereke moni kwa onse kunyumba, nakwera basi.

Mawa lake linali Lachinayi. Itakwana 3 koloko masana ndinavula jasi, ndinatenga mabotolo awiri, n'kuzungulira kuseri kwa mpanda. Zaka khumi ndi chimodzi ndinali ndisanaimepo pamalo amenewo nthawi ngati imeneyo. Kuchokera pakhomo la labu ndi mapazi mazana awiri okha.

Paipi imene ndimaidziwa ikudontha inali ikulavula modzaza kukamwa. Madzi ake otuwa mobiriwira, a thovu, ofunda. Fungo lake linandilowa mpaka m'mano. Udzu wa m'mbali munali utapsa ngati wathiridwa madzi owira, ndipo ndimauona Lolemba lililonse, ndinkati ndi dzuwa. Chakumunsi ndinaona ana awiri akuwoloka opanda nsapato, mabuku ali pamutu. Ndinatsukuluza botolo katatu, ndinadzaza mpaka m'khosi. Pobwerera dzanja linali likuyabwa.

Ndinayeza katatu, chifukwa ndinkafunabe kuti mwina alakwitsa. Sanalakwitse. Zanga zinaposa zake pang'ono. Ndinatsegula buku, pansi pa mzere wa Lolemba ndinalemba Lachinayi, 3:20 masana, kunja kuli dzuwa, zotsatira zake, n'kusaina. Botolo lachiwiri ndinalipititsa ndekha ku labu ya kunja ndisanapite kunyumba, kuti mawa ndisadzasinthe maganizo. Ndimadzidziwa.

Dzulo m'mawa ndinalowa kwa abwana ndi bukulo, pamodzi ndi kope ya kalata imene ndinasiya kukoleji. Ndinawauza kuti mtsikana wa mabotolo uja ndi mwana wa mlongo wanga, ndipo amakhala m'nyumba mwanga. Anawerenga. Kenako anandifunsa ngati mutu wanga ukuyenda bwino, anati munthu wa zaka zanga sapalasa moto ndi manja. Anatambasula dzanja kuti ndiwapatse makiyi a labu. Anati ndipite kunyumba, kalata indipeza. Pageti mlonda amene takhala tikupatsana moni zaka zonsezi anandisecha chikwama, akupepesa, osandiyang'ana kumaso.

Choncho ntchito yatha. Sindikulemba izi kuti mundimvere chisoni, ndipo musayerekeze kunditumizira kanthu. Mlandu suwola, wangu wandipeza. Za mawa ndiziona ndi mlamu wanu, amene dzulo kwa nthawi yoyamba anandifunsa ngati ndadya.

Vuto ndi lakuti mwana wanu sakudziwa, ndipo ine ndilibe njira yomuuzira. Foni yanga sayankha. Mauthenga anga satsegula. Dzulo masana ndinapita kumene akukhala, mnzakeyo anandiuza pakhomo kuti watuluka, nsapato zake za matope zija zili pomwepo pakhonde. Ndinapempha aphunzitsi ake kuti amuuze, anati ayesa, koma kuyambira Lachitatu lija iye wasiya kupita kukoleji ndipo nawonso sakuwayankha. Mlamu wanu anamuimbira, anangolonjerana, atangotchula za ine foni inadulidwa.

Ndiponso ngakhale atandimvera, angandikhulupirire bwanji? Adzati malume ayambanso nzeru zawo, akufuna kundikankha. Kapena, chimene ndikuopa kwambiri, adzakhulupirira n'kudziimba mlandu kuti wandichotsetsa ntchito, n'kuuma mtima kuposa kale. Mumamudziwa mmene amakhalira akaganiza kuti walakwira munthu. Anatengera inu.

Watsala ndinu. Inu akakuonani pafoni sangadule.

Muimbireni Lolemba lomwelo mukangomaliza kuwerenga. Akapanda kumveka bwino, chonde kwerani basi. Ndikudziwa kuti muli ndi zosoka za anthu ndiponso alamu sakuyenda bwino, koma ndikugwirani mwendo. Mufike pasanadutse Lachitatu, chifukwa pepala liyenera kusindikizidwa ndi kumangidwa ngati buku, makope atatu, ndipo sabata yomaliza pamalo osindikizira pamakhala mzere wofika kumsewu. Lachinayi likhale lopuma, mwina magetsi angazime. Pepalalo analimaliza, lili m'kompyuta yake, mnzake uja anandiuza nditamuchonderera. Palibe choti alembenso. N'kungonyamula n'kukapereka.

Mukamayankhula naye musandiikire kumbuyo. Musamuuze kuti ndine malume ake, kuti magazi ndi magazi, kuti akhululuke. Zimenezo zikhoza kudikira zaka, kapena osabwera n'komwe, ndidzapirira. Musamukalipirenso za kuvutika kwanu pomulera, akudziwa, ndipo n'zimene zikumulemera. Mungomuuza zimene zachitika, mwa ndondomeko yake. Ngati sakhulupirira, muwerengereni kalatayi, ngakhale pamene ndinamukana kwa abwana. Akafuna umboni, aimbe ku fakitale afunse woyeza madzi, amva yekha chimene amuyankhe.

Mumuuzenso kuti sanandichotsetse ntchito ndi iye. Ndinapita ndekha kupaipi, ndinaona ndi maso anga, ndinalemba ndi dzanja langa. Akanakhala kuti sanabadwe n'komwe, madzi aja akanakhala omwewo. Botolo langa lili kale ku labu ya kunja, ndipo zotsatira zake zipita kumene zimapita, iye apereke pepala kapena asapereke. Akasiya sukulu sapulumutsa munthu aliyense. Angowonjezera maliro achiwiri pa oyamba.

Za inu ndi ine tidzakamba mukafika. Munandipatsa mwana pakhomo kuti ndimuyang'anire, ndipo mwamva mmene ndamuyang'anirira. Mudzanene zonse zimene muli nazo, ndidzakhala pansi n'kumvetsera. Koma zimenezo zikhale Lachisanu masana, 12 koloko itadutsa.

Mundiperekere moni kwa alamu, muwauze kuti asaumirize mwendowo. Moni kwa ana onse ndi kwa azakhali, koma azakhali musawauze kanthu panopa, mtima wawo suli bwino. Mlamu wanu akuti mukabwera mufikire kuno, chipinda cha mwanayo chili momwe anachisiyira. Mulungu akusungeni, akupatseni ulendo wabwino, ndipo akupatseni mawu amene ine ndalephera kuwapeza.

Chimene akuchitetezacho kulibenso, achemwali. Muuzeni apereke pepala lake lonse, osachotsa tsamba ngakhale limodzi.

Ndine mlongo wanu wamng'ono.